Kusankha rotaveta yolimira m'Chigwa cha Shire

Rotaveta ndi makina olimira omangirira kumbuyo kwa thalakitala. Mipeni yake imazunguzidwa ndi injini kudzera pa shafiti ya PTO, yomwe kawirikawiri imazungulira ka 540 pa mphindi. Pulawo imatembenuza dothi, pomwe rotaveta imaliswa ndi kulisakaniza ndi mapesi mpaka kuya kwa masentimita 10 kapena 15. Makinawa akufunika kuganiziridwa bwino tsopano chifukwa cha ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe inakonzedwa kuti izitenga madzi pa damu la Kapichira n'kuthirira mahekitala oposa 43,000 kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Bangula m'boma la Nsanje. Alimi akuphatikiza minda m'makopaletivi, monga anachitira alimi a nzimbe a ku Phata, ndipo munda waukulu chotero khasu lokha silingauthe.

Kukula kwa rotaveta kumatsatira mphamvu ya thalakitala yomwe ilipo. Ya mahosipawa 45 mpaka 55 imayendetsa bwino rotaveta ya mamita 1.5 mpaka 1.8 m'lifupi. Rotavetayo iyenera kuphimba mapazi a matayala onse akumbuyo, apo ayi m'munda mumatsala mizere yopondedwa. Yaikulu mopitirira imalemetsa injini ndi kumwetsa dizilo wambiri.

Chachikulu pa zonse ndi dothi, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimatayikira. M'mbali mwa Shire muli dothi lofewa lobwera ndi madzi osefukira, lomwe rotaveta yopepuka imalima mosavuta. Kumtunda, makamaka cha ku Ngabu, kuli makande, dothi lakuda lomwe m'chilimwe limauma gwa n'kung'aluka, mvula ikagwa limamata ngati phula. Makande ouma amathyola mipeni ndi kudumphitsa makina. Onyowa kwambiri amakanirira pa shafiti ya mipeni mpaka kutseka mipata yonse. Masiku oti alimike bwino ndi ochepa, pamene chibuma chikuphwanyika m'manja. Dothi lotere limafuna rotaveta yolemera, yoyendera magiya m'mbali osati tcheni, ndi mipeni yopindika ngati C, yomwe imalowa mosavuta ndipo sisunga matope. Mipeni ya L imadula bwino udzu ndi mapesi pa dothi lofewa. Pa makande pafunika pulawo kapena ripa iyambe yadutsa, rotaveta izingomaliza.

Pa shafiti ya PTO pakhale kilatchi yoterereka kapena bawuti yoduka yokha, kuti mipeni ikagunda chitsa kapena mwala giyabokosi isawonongeke. Mipeni imatha msanga, choncho mtundu wabwino ndi womwe masipeya ake amapezeka ku Blantyre. Makina odikira mpeni wochokera kunja amaphonya nyengo yodzala.

Kuperesa dothi mpaka kukhala fumbi n'kuwononga munda. Madzi a mthirira akafika, pamwamba pamauma chikhakha choletsa mbewu kumera, ndipo kulima kuya kumodzimodzi chaka ndi chaka kumalimbitsa pansi, mizu ndi madzi osalowa. Chitseko chakumbuyo kwa rotaveta chikakwezedwa, kapena thalakitala ikawonjezera liwiro pang'ono, zibuma zimatsala zokulirapo. M'munda wa kapinga kapena dawe, mipeni imaduladula mizu n'kuimwaza paliponse, kotero udzuwo uyenera kuthetsedwa kaye makina asanalowe.