Kulembetsa pamsika wa ku Canada si umboni wa chuma

Kampani yofufuza miyala ikafika m'boma lina ku Malawi n'kunena kuti masheya ake amagulitsidwa ku Canada, akuluakulu amayamba kugwedezera mutu ngati mgodi watsegulidwa kale. Funso loyenera silifunsidwa: pamsika uti, ndipo m'gulu liti?

Makampani ambiri otere ali pa TSX Venture Exchange, msika wa makampani ongoyamba kumene. Mkango Resources, yomwe yakhala zaka zambiri ikufufuza miyala paphiri la Songwe ku Phalombe, ili komweko. Msikawu unabadwa mu 1999 pamene misika ya Vancouver ndi Alberta inaphatikizana, ndipo mu 2001 eni msika waukulu wa Toronto anaugula.

Makampani amawaika m'magulu awiri. Tier 1 ndi ya amene ali ndi katundu komanso mpamba wokulirapo, Tier 2 ndi ya ang'onoang'ono, ndipo ambiri ali m'menemo. Kusiyana kwake kumaonekera pa masheya a eni kampani: a Tier 1 amatsekeredwa miyezi 18 asanamasulidwe onse, a Tier 2 miyezi 36, kuopa kuti eniwo angagulitse n'kuthawa. Palinso makampani otchedwa Capital Pool Company, omwe amalowa pamsika ali ndi ndalama zokha popanda bizinesi, akuyembekezera kugula ina. Chizindikiro chawo cha pamsika chimathera ndi .P.

Dongosololi ndi labwino, koma limayeza kukula kwa thumba basi. Chilungamo cha mwini thumba sichilowamo.

Nkhani ya Bre-X ikuchitira umboni. Kampaniyi inayambira pamsika wa Alberta, n'kulengeza kuti yapeza golide wochuluka ku Busang, m'dziko la Indonesia. Mu 1996 inakwezedwa kupita pamsika waukulu wa Toronto, ndipo mtengo wake unaposa madola a ku Canada 6 biliyoni. Mu 1997 zinaululika kuti anthu ankathira fumbi la golide m'miyala yopita kukayezedwa. Kukwera gulu sikunagwire wakuba, kunangomukulitsira munda. Lamulo la NI 43-101, lokakamiza kuti lipoti la miyala lisainidwe ndi katswiri wovomerezeka, linabwera mu 2001 anthu atalira kale.

Chodandaulitsa china ndi NEX, khonde lomwe linatsegulidwa mu 2003. Kampani ikafooka mpaka kulephera zofunika za Tier 2, sathamangira kuichotsa. Amaisunthira kumeneko, n'kuiika chilembo .H kumapeto kwa chizindikiro chake cha pamsika, masheya ake n'kumagulitsidwabe. Oikira kumbuyo NEX amati zimenezi zimapatsa ogula masheya mpata wogulitsa m'malo mongotsala ndi mapepala, ndipo mfundoyi ndi yomveka. Koma TMX Group, mwini msikawu, ndi kampani yofuna phindu, ndipo kampani iliyonse yotsala pamndandanda imalipira chaka ndi chaka. Woimbira mpira ndi yemwenso akutolera ndalama zapakhomo. Mabungwe a boma ku Alberta ndi British Columbia amayang'anira msikawu, komabe kusankha wokwera, wotsika ndi wotsala kumayambira kwa wolandira malipiroyo.

Choncho mkulu wa boma ku Lilongwe, phungu kapena mtolankhani alibe chifukwa chonjenjemera ndi dzina la Canada. Malipoti a zachuma a makampaniwa ali poyera pa SEDAR+, ndipo aliyense angawawerenge pa intaneti osalipira. Anthu a m'mudzi asanauzidwe zosamuka pamalo awo, wina atsegule malipotiwo aone gulu la kampaniyo, ndalama zomwe yatsala nazo kubanki, ndi dzina la katswiri amene anasainira za miyalayo.