Mafilimu athu akutchuka kunja, koma kuno kwathu tiwaonera kuti?

M'chaka cha 2018, dziko la Malawi lidatumiza koyamba filimu yake kumpikisano wa Oscars ku America. Filimuyo idali The Road to Sunrise ya Shemu Joyah. Mu 2021 kudapitanso Fatsani: A Tale of Survival ya Gift Sukez Sukali. Ngakhale palibe mwa mafilimu awiriwa yomwe idalowa m'ndime yotsiriza, kungofika pabwalo lalikulu chotere kudasonyeza kuti luso la kanema m'dziko muno lakula. Funso lomwe latsala ndi lakuti munthu wa ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi amene akufuna kuonera mafilimuwa lero angawapeze kuti.

Funsoli likukhudzanso tsogolo la mafilimu athu kumipikisano. Malamulo a Oscars amafuna kuti filimu yoimira dziko ikhale itaonetsedwa m'nyumba yoonetsera kanema kwa masiku asanu ndi awiri otsatizana, anthu akulipira pakhomo. Kwa ife amenewa ndi phiri, chifukwa mafilimu ambiri a kuno amakhazikitsidwa m'maholo a mahotela usiku umodzi kapena uwiri, kenako nkuzimirira. Mtengo wolowera pamwambo wotere umakhala wa anthu opeza bwino, ndipo amene waphonya tsikulo amangodikira kuti mwina filimuyo idzaikidwa pa YouTube.

Komatu sikuti Amalawi sakonda kanema. Dziko lino lidakhala lopanda wailesi yakanema mpaka 1999 pamene Television Malawi idayamba kuulutsa, ndipo m'zaka zonsezo anthu ankakhamukira kunyumba za kanema monga Apollo mumzinda wa Blantyre. Nyumba zoterezi zitafooka, malo ake adatengedwa ndi timanyumba ta vidiyo ta m'misika ndi m'makwalala, momwe achinyamata amadzazana kuonera mafilimu ankhondo, a ku Nigeria ndi a ku India, ena atamasuliridwa m'Chichewa. Msika ulipo. Vuto ndi lakuti ndalama yolipidwa pakhomo la vidiyo, kapena kwa wothira mafilimu m'foni, sifika kwa amene adakhetsa thukuta kupanga filimuyo.

Ena amati intaneti yathetsa kale nkhaniyi. Amapereka chitsanzo cha The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya 2019 yomwe Chiwetel Ejiofor adajambula ku Wimbe m'boma la Kasungu, yofotokoza mbiri ya William Kamkwamba. Filimuyi idafalikira padziko lonse kudzera pa Netflix ndipo mbali yaikulu ya zoyankhula zake ndi Chichewa. Koma Netflix imafuna bandulo yochuluka, magetsi odalirika komanso njira yolipirira mwezi ndi mwezi, zinthu zomwe mabanja ambiri alibe, kuphatikizapo a kudera komwe nkhaniyo idachitikira. Tisaiwalenso kuti kumpikisano wa Oscars filimuyi idaimira dziko la Britain, komwe kudachokera ena mwa eni ake. Nkhani idali yathu, koma umwini ndi phindu zidali za ena.

Palinso mbali ina yomwe siikambidwa kawirikawiri, ya mafilimu akale. Mu 2010 Tapiwa Gwaza adapata mphotho ya Africa Movie Academy Awards chifukwa cha gawo lake mu Seasons of a Life. Mu 2016 filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idapambana ngati filimu yabwino koposa kummwera kwa Africa pamphotho za Africa Magic Viewers' Choice Awards. Awa ndi mafilimu omwe wophunzira aliyense wa zakanema adayenera kuwaona, koma ambiri mwa mafilimu a nthawi imeneyo adatuluka pa DVD, ndipo ma DVD amakandika pomwe makina oonetsera akusowa m'masitolo. Kompyuta ya wopanga filimu ikawonongeka, mbiri ya dziko ikhoza kupita nayo limodzi.

Maiko ena adaliona kale vutoli. Ku Burkina Faso, chikondwerero cha mafilimu cha FESPACO chakhala chikuchitika mumzinda wa Ouagadougou kuyambira 1969, ndipo kumeneko kuli nkhokwe yosungiramo mafilimu a mu Africa. Mu 2017 bungwe la Martin Scorsese la The Film Foundation, mogwirizana ndi UNESCO komanso bungwe la opanga mafilimu mu Africa la FEPACI, lidayamba ntchito yofufuza ndi kukonzanso mafilimu akale 50 a mu Africa. Phunziro lake ndi lakuti filimu siisungika yokha, pamafunika wina woikapo ndalama ndi dongosolo.

Kumanga nyumba zamakono za kanema m'mizinda yonse ndi ntchito yolira ndalama zambiri, ndipo palibe wabizinesi angaikepo chuma chake asadatsimikize kuti mipando idzadzaza. Njira yapafupi ndi kugwiritsa ntchito zomwe zilipo kale. Maholo a makhonsolo, a sukulu zaukachenjede ndi a mipingo atha kumaonetsa filimu ya Chimalawi sabata yonse pamtengo woti munthu wamba angakwanitse. Eni timanyumba ta vidiyo atha kulowetsedwa m'dongosolo, kupatsidwa mafilimu movomerezeka nkumagawana ndalama ndi eni ake, pansi pa lamulo la umwini wa zaluso la 2016 lomwe bungwe la Cosoma limayang'anira. Nkhokwe ya zakale ya National Archives ku Zomba nayo iyenera kupatsidwa zipangizo zoti izisungira filimu iliyonse yotuluka m'dziko muno.

Mutu umodzi susenza denga. Bungwe la opanga mafilimu la Film Association of Malawi, unduna woona zachikhalidwe ndi makhonsolo akuyenera kukhala pansi nkugawana ntchitoyi. Kupanda kutero, tipitiriza kuwerenga m'nyuzi za mphotho za mafilimu omwe ana athu sadzapeza mwayi wowaonera.