ABAMBO A KU KACHULU ASABISE MATENDA

Pa doko la Kachulu, pamene mabwato amanyamukira kupita ku chilumba cha Chisi, pali amuna olimba mtima amene amagonera pa nyanja ya Chilwa kupha matemba, makumba ndi milamba yodyetsa anthu a mu mzinda wa Zomba ndi madera ena. Amuna ameneŵa saopa mphepo ngakhale mafunde. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri a iwo amaopa kuchitchula, ngakhale kwa akazi awo, ndicho vuto la mkodzo. Lero tifuna kulitchula poyera, pakuti kukhala chete kukutitayitsa abambo.

Mwamuna aliyense ali ndi kachiŵalo kotchedwa prostate, kakang'ono ngati suku, kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamazungulira njira ya mkodzo. Munthu akapitirira zaka 50, kachiŵaloka kamayamba kukula, mkodzo numatuluka movutikira, ndipo usiku munthu amadzuka kaŵirikaŵiri. Nthaŵi zambiri kukula kumeneku si khansa ayi. Koma nthaŵi zina ndi khansa, ndipo khansa ya prostate ndi imodzi mwa khansa zimene zikugwira abambo ambiri m'Malaŵi muno. Choopsa chake nchakuti ikamayamba kaŵirikaŵiri siŵaŵa konse.

Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ali ndi msampha wina. Kumeneko likodzo nlofala, motero bambo akaona magazi m'mkodzo amangoti ndi likodzo lomwe lija la paubwana, nakagula mapiritsi kapena kukumba mizu. Wina amati ndi ukalamba, wina amati amulodza. Pofika ku Zomba Central Hospital, matenda amakhala ataloŵa kale m'mafupa a msana.

Akatswiri a sayansi sadagone pa nkhaniyi. M'chaka cha 1987, ofufuza a ku America adapeza kuti pa khungu la maselo a prostate pamakhala puloteni ina imene imachuluka kwambiri pa maselo a khansa, ndipo idatchedwa PSMA. Mu 1993, akatswiri a pa Memorial Sloan Kettering ku New York adapeza jini yake, ndiwo malangizo amene thupi limatsata poipanga. Kuyambira pamenepo nkotheka kuika malangizowo m'maselo oŵetedwa mu labotale, maselowo napanga puloteni ya munthu yochuluka, yoti ofufuza ayeserepo mankhwala popanda kucheka wodwala. Zipatso za ntchitoyi zidaoneka. Mu 2020 boma la America lidavomereza mankhwala omata pa PSMA oonetsa pa makina ojambula pamene khansa yabisala, ndipo mu 2022 lidavomereza ena, otchedwa Pluvicto, onyamula mphamvu yotentha maselo a khansa kukaifikitsa pa PSMA pomwepo.

Nzeru zimenezi tizilandira ndi manja aŵiri. Koma tisadzinamize. Mankhwala atsopanoŵa ngokwera mtengo koposa, ndiponso amaperekedwa makamaka kwa anthu amene khansa yawo idafalikira kale. Amatalikitsa moyo koma sachotseratu matenda. Chimene chingapulumutse msodzi wa ku Kachulu lero ndicho kufika msanga kuchipatala. Dokotala amapima kachiŵaloka ndi chala, ndipo pali kuyeza magazi kotchedwa PSA. Khansa ikapezeka isanafalikire imachizika ndi opaleshoni kapena kuitentha ndi makina. Dziko lathu lili ndi madokotala ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndiponso National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Nanga zipatala zimenezi zidzathandiza yani ngati wodwala abisala m'nyumba?

Apa ndipo pali udindo wa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma. Apampando a nthambi asamatseke msonkhano asanatchule nkhaniyi. Alangizi a zaumoyo afike pa doko m'maŵa asodzi akamakocheza, alankhule nawo monga amuna anzawo. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti athetse mphekesera zakuti kupimidwa kumachotsa ulemu wa bambo. Amayi nawonso, amene amamva mwamuna akudzuka kasanu usiku umodzi, amulimbikitse ndi kumuperekeza. Bambo amene atate ake kapena mbale wake adadwalapo khansa imeneyi asadikire zizindikiro, akafunse malangizo kuchipatala. Ndipo atsogoleri enieniwo, amene ambiri mwa iwo adapitirira kale zaka 50, ayambe ndiwo kukapimitsa, pakuti mtsogoleri salozera anthu njira imene iye mwini akuiopa.

Pamene tidalandira ufulu mu 1964 tidalonjeza kumenyana ndi umphaŵi, umbuli ndi matenda. Bambo mmodzi akagwa ku Kachulu, bwato limaima, ukonde umaola, ana amasiya sukulu, ndipo chitukuko cha dera lonse chimabwerera m'mbuyo. Makolo athu adati mbeŵa ya manyazi idafera kuuna. Abambo, pitani kuchipatala nthaŵi ikadalipo.