Timawu titatu tomwe tikudya malikisi a ana athu

M'Chingerezi muli timawu titatu tochepa ngati nthata, koma kuluma kwake si masewera: "a", "an" ndi "the". Mwana akhoza kuloweza mawu akuluakulu odabwitsa mudzi wonse, koma akafika pa timawuti amangoponya mwachimbulimbuli. Paja munthu wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale masamu atakhoza chotani. Ndiye makolo anzanga, nkhaniyi ndi yathu.

Vuto si umbuli ayi. Chichewa chilibe timawu totere. Ife tikati "ndagula mbuzi", zatha. Mngelezi amafuna umuuze ngati mbuziyo akuidziwa kale kapena akuimva koyamba.

Komatu ine ndimakana zoti tilibe poyambira. Tamverani izi: "Dzulo ndinagula mbuzi. Mbuzi ija yathawa." Ka "ija" kakuuza mnzako kuti ndi mbuzi yomwe mwakambirana kale, asafunsenso kuti iti. Imeneyo ndiye ntchito ya "the": "I bought a goat yesterday. The goat has run away." Choncho mwana akakakamira pa homuweki, musathamangire kumufunsa lamulo la m'buku. Mufunseni kuti, "Iwe, m'Chichewa pamenepa pangalowe uja, ija kapena chija?" Akati eya, alembe "the". Ngati pakulowa "ina yake" kapena "wina wake", alembe "a". Njirayi siigwira paliponse, koma imamufikitsa patali. Zinthu monga dzuwa ndi mwezi zimatenganso "the", chifukwa palibe angafunse kuti dzuwa liti.

Za "a" ndi "an", ambirife tinaloweza kuti "an" amabwera mawu akayamba ndi a, e, i, o, u. Lamulolo n'loperewera. Woweruza ndi khutu, osati diso. Timati "an hour" chifukwa h samveka, koma "a uniform" ndi "a university" chifukwa pakamwa pakutuluka "yu". Phungu ndi "an MP", popeza M timamutchula "em".

Timawu tiwiriti tinachokera ku liwu lakale la Chingerezi lotanthauza "chimodzi", n'chifukwa chake sitigwirizana ndi zinthu zosawerengeka. "An advice" ndi "a furniture", zomwe zadzaza m'makalata athu, zimamveka ngati munthu wanena kuti "ndigaireni ufa umodzi". Ife timati thumba la ufa, iwo amati "a piece of advice".

Pena kamawu kamodzi kamatembenuza nkhani yonse. "A few people came" ndiye kuti kunabwerako anthu ndithu, pamene "few people came" ndi dandaulo, mipando inali mbee. Mwana wopita kukaphunzira "goes to school", koma inu ahedi akakuitanani pa mlandu wa mwanayo, "you go to the school". Apa ndiye chenjerani: "my husband went to the prison" ndi bambo amene wapita kukaona mkaidi kapena kukagwira ntchito, koma "my husband went to prison" ndiye kuti bambo awamanga. Kulembera apongozi a ku London uthenga wotere pa WhatsApp, mudzamva foni ikulira pakati pa usiku!

Pa mayina a malo palibe nzeru yapadera, n'kuloweza basi. Mitsinje imatenga "the": "the Shire", "the Zambezi". Koma "Lake Malawi" ndi "Mount Mulanje" ayi. Malawi ndi Zambia ali okhaokha, pamene "the United Kingdom" ndi "the Netherlands" sayenda opanda kamawuka.

Eni chilankhulo nawonso timawapunthwitsa. Neil Armstrong ataponda pamwezi mu 1969, dziko linamva akuti "for man", pomwe iye anadzafotokoza kuti ankafuna kunena "for a man". Popanda ka "a", liwulo likutanthauza mtundu wonse wa anthu, osati munthu mmodzi.

Chomwe ine ndimalimbikitsa n'chotchipa. Pezani nyuzipepala yakale ya Chingerezi, ngakhale yokulungira mandasi, mupatse mwana pensulo, azunguze "a", "an" ndi "the" aliyense m'ndime imodzi, kenako akuuzeni m'Chichewa chifukwa chake kamawuko kali pamenepo. Mitu ya nkhani aidumphe, poti olemba nyuzi amachotsamo dala timawuti kuti mutu ukwane pa tsamba.