KHASU LA KWA MWASE LISULIDWE KWA MWASE

Abale athu a m'makomboni, inu amene mulawira m'mamawa kunka ku nchito m'Lusaka, m'Kabwe ndi ku Migodi, lero tifuna kukamba nanu za citsulo. Ambiri a ife tinacokera kum'mawa, ndipo mwezi ukatha timatumiza kandarama kumudzi. Tsono tifunsane: kodi ndarama imene titumiza kwa Mwase ku Lundazi igona masiku angati m'mudzimo? Amai akafuna khasu, agula lopangidwa kutali. Pulao ikathyoka, cipangizo cace cicokera kutali. Mpini wokha ndiwo wa kwathu. Motero ndarama yathu ingopuma pang'ono, nibwerera pa mseu womwewo inadzera, nipitirira Chipata, nipitirira Lusaka, kufikira itaturuka m'dziko.

Kale sikunali kotero. Acewa a kwa Mwase wa ku Lundazi ndi abale ao a kwa Mwase wa ku Kasungu anali kukhala m'dziko la anthu odziwa citsulo. Amisiri anali kuumba ng'anjo zazitali za dothi, nathiramo makala ndi miyala ya citsulo, nasonkha moto usana ndi usiku. Citsulo cikaturuka cinali kupita ku cipala, kumene mnyamata anali kupukusa mvukuto, wosula namenya nyundo kufikira kutaoneka khasu, nkhwangwa, mkondo kapena mubvi. David Livingstone, podutsa m'maiko a kumadzulo kwa nyanja ya Malawi m'caka ca 1866, anaona ng'anjo ndi osula m'midzi yambiri. Ngakhale lero ng'anjo zakale ziimirirabe m'nkhalango ya Kasungu, kufupi ndi malire athu. Amene anena kuti munthu wa kuno anadziwa citsulo cifukwa ca sitoro apite akazione.

Nanga moto uja unazima bwanji? Atsamunda anadza ndi msonkho, ndipo msonkho unafuna ndarama, ndarama nizipezeka ku mapulazi ndi ku migodi ya Southern Rhodesia ndi ku Joni. Anyamata amene akadaphunzira pa cipala ca atsibweni ao anapita ulendo. Nthawi yomweyo masitoro anadzala ndi makasu ocipa a m'mafakitale a kunja. Pofika zaka za m'ma 1930 ng'anjo za ku Kasungu zinali zitazirala, ndipo nkhalamba zodziwa ncitoyo zinalowa nayo nzeru m'manda.

Munthu akadayesa kuti potaya cipala ca kumudzi tidzalandira cipala ca m'tauni. Iai, sizinatero. Pa migodi ya mkuwa munthu wakuda anali wonyamula sipanala, mzungu ndiye mmisiri. Lamulo la maphunziro a umisiri linatitsekera kunja kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Komiti ya Dalgleish inanena m'caka ca 1948 kuti anthu akuda apatsidwe nchito zina zapamwamba, koma mau ace anakhala zaka ali m'kabati. M'masiku a Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, mkuwa unali kukumbidwa kuno, koma mafakitale ambiri anali kumangidwa kumwera. Citsulo cinali kusungunulidwa ku Redcliff, mapulao napangidwa ku Bulawayo, ife nitikhala ogula cabe.

Ufulu utafika pa 24 October 1964, atsogoleri anayesa kukonza mlanduwu. M'caka ca 1968 Kenneth Kaunda analankhula ku Mulungushi za kuika cuma m'manja mwa eni dziko, ndipo caka comweco kampani ya ZAMEFA inakhazikitsidwa ku Luanshya kuti mkuwa wathu uzisanduka waya konkuno. Ku Lusaka kunali Lenco yopanga mafelemu ndi ngolo za magalimoto. Ku Chipata kwathu kunamangidwa fakitale ya njinga ya Luangwa Industries, ndipo akulu akumbukira bwino njinga zace. Koma mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975, ndarama zogulira zipangizo kunja zinasowa, ndipo makampani a Boma atayamba kugulitsidwa m'caka ca 1992, katundu wa kunja nalowa momasuka, mafakitale ambiri analephera kupirira. Ya njinga ija inatsekedwa. M'caka ca 2024 dziko lathu linaturutsa mkuwa woposa matani 800,000, koma wocuruka unaturuka monga mapale osasula, kuti ana a eni ace akapeze nao nchito.

Tsono mvetsani cimene tinena. Pakati pa mgodi ndi munda pali munthu mmodzi amene dziko lamuiwala, ndiye mmisiri wodula, wopinda, wobowola ndi wowocherera citsulo. Popanda iye palibe fakitale iriyonse ingaime. Cigayo cifuna sefa ndi nyundo zace. Makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa afuna wokonza mano ace akatha. Ngolo ya ng'ombe ifuna ekiselo, mjigo ufuna mapaipi, sukulu ifuna mafelemu a zitseko ndi mazenera. Dziko la Lundazi lilima cimanga, nshawa, thonje, soya ndi fodya, koma mlimi asenzabe nshawa zace zosaswa kapena aziswa ndi zala usiku wonse, pamene makina osweka nshawa ndi cinthu cimene mmisiri wa pa mseu angathe kupanga ndi lata ndi zitsulo zowerengeka.

Amisiriwo tiri nao. Yendani m'Kalingalinga kapena m'Garden, mudzaona moto wa owocherera ung'anima m'mbali mwa mseu, mageti, mbaula, mabedi ndi mafelemu ziri ndandanda. Ambiri mwa anyamata amenewo mukawafunsa kwao adzakuchulirani Lundazi, Katete kapena Petauke. Citsulo naco ciripo, pakuti ku Kafue kuli fakitale imene isungunula zitsulo zakutha nizisandutsa zatsopano. Cosowa ndi cakuti nchito yao ifike kumudzi, ndi kuti wogula wamkuru, ndiye Boma, aziyamba kugogoda pa khomo pao.

Tidziwa ena adzati, "Za kunja nzocipa, ndiponso nzosalala." Sitikana. Tibvomeranso kuti alipo amisiri ena pakati pathu amene acita cinyengo, aika citsulo copyapyala nacibisa ndi penti, ndipo geti licoka pa mahinji mvula isanathe. Oterewa aononga mbiri ya anzao onse, ndipo tiwadzudzula poyera. Koma werengani bwino mtengo wa cinthu cocipaco. Cigayo cikafa mwezi wa June kwa Mwase, ndipo cipangizo cace ciri ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 700, kodi amai adzadikira masabata angati ali pa mtondo? Cinthu cimene mmisiri wa pafupi sangathe kucikonza ndi codula ngakhale munacigula motsika. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo.

Cifukwa cace tipempha zinthu zinai, ndipo tizipempha mosabisa mau.

Coyamba, ndarama za CDF. M'caka ca 2022 ndaramazi zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo caka comweco sukulu zinakhala zaulere, ana nadzala m'makalasi, madesiki napere­wera. Desiki ndi citsulo ndi thabwa basi. Tifuna kuti madesiki, mafelemu ndi mageti a sukulu za kwa Mwase azipangidwa m'Lundazi momwemo, ndipo mmisiri azilipidwa pa nthawi yace, pakuti munthu wa makina amodzi sangadikire malipiro miyezi isanu ndi umodzi.

Caciwiri, maphunziro. Sukulu ya umisiri ya ku Chipata iri kutali kwa mwana wa mlimi. Mmisiri aliyense wolandira nchito ya Boma atenge anyamata ndi atsikana a m'midzi kuti aphunzire pa dzanja lace, ndipo a TEVETA adze kudzawayesa mayeso komweko, kuti luso lao likhale ndi pepala.

Cacitatu, magetsi. M'caka ca 2024 madzi a ku Kariba atacepa, owocherera anakhala manja lende maola ambiri pa tsiku, ena nagwira nchito pakati pa usiku. Pakhale malo a amisiri pa boma la Lundazi ndi pa misika ya kwa Mwase, okhala ndi magetsi odalirika, ngakhale a dzuwa.

Cacinai ciri kwa ife eni. Mutu umodzi susenza denga. Mmisiri mmodzi sangagule makina opindira lata kapena osemera citsulo, koma khumi atasonkherana angathe, nagulanso zitsulo pamodzi pa mtengo wotsika. Ndipo inu amene mumanga nyumba kumudzi, lekani kukweza mafelemu pa basi kucokera ku Lusaka. Tumizani muyeso ndi ndarama kwa mmisiri wa kwanu. Akalakwitsa mbwezereni akonze, pakuti ndimo luso likulira.

Sitinena kuti timangenso ng'anjo za dothi. Masiku ace anapita. Tinena kuti makolo athu anali kulima ndi khasu losulidwa ndi mnansi wao, ndipo mbuzi yogulira khasulo inali kutsala m'mudzi momwemo. Mbendera tinakweza, nyimbo tinaimba, koma nchito ija tinaiyamba mu 1964 siinathe ngati mdzukulu wa wosula angoyang'ana magalimoto a mkuwa alikupita ku doko, iye alibe ngakhale nyundo. Pa msonkhano wa komiti ya citukuko ya m'dera lanu, imirirani mufunse funso limodzi lokha: madesiki awa anapanga ndani, ndipo akhala kuti?