Tibwezereni mafilimu athu akale

Anatiuza kuti zimbale zatha ntchito. Anati chilichonse chili pa intaneti tsopano, ukangodina pa foni filimu imene ukufuna ibwera yokha. Ife a ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi ndi m'timatauni ta m'mbali mwa msewu tinamva zimenezo. Madekhi anapita kwa ogula zitsulo zakutha, makatoni a ma DVD anakankhidwira kunsi kwa bedi, ndipo anyamata amene ankagulitsa zimbale mumsika anayamba kugulitsa matchaja a mafoni. Lero tikafuna kuonetsa ana athu mafilimu amene tinakula nawo, tikufufuza mpaka maso kuwawa, osawapeza. Dandaulo limeneli si la munthu mmodzi. Mulimva m'minibasi, pa bawo, kometetsa tsitsi, ngakhale pa siwa anthu a msinkhu umodzi akayamba kukumbutsana zakale.

Achinyamata akatimva amati tikungolira ukalamba. Iwo sadziwa kumene tachokera. Dziko lino linalibe wailesi yakanema yakeyake kufikira mu 1999 pamene TVM inatsegulidwa, ndiye ambirife kanema tinamudziwira ku vidiyo: chisakasa cha mphasa, mabenchi a matabwa, jenereta ikulira kuseri, mitu ya mafilimu italembedwa ndi choko pakhomo. M'menemo ndi mmene tinaonera Bruce Lee mu Enter the Dragon ya 1973, Rambo wa mu First Blood ya 1982, ndi Commando ya 1985, tonse tikutsimikizirana kuti mwini filimu safa. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa ndi The Gods Must Be Crazy ya 1980. Sarafina! ya 1992 inatidziwitsa za ana a sukulu a ku Soweto kuposa buku lililonse la m'kalasi. Neria ya ku Zimbabwe, momwe munali Oliver Mtukudzi, inaliritsa amayi athu, chifukwa nkhani ya mayi wamasiye wolandidwa katundu ndi achibale a mwamuna wake inali nkhani ya m'mudzi mwathu momwe. Ndipo ndani angaiwale filimu ya Yesu ya m'Chichewa, imene ankaionetsa pa nsalu yoyera pabwalo la mpira, mudzi wonse utakhala pansi?

Kenaka dekhi inalowa m'nyumba. Sinali m'nyumba iliyonse, koma imodzi inkakwanira mzere wonse. Loweruka madzulo ana a aneba ankadzaza pansi, akuluakulu pa mipando, ena akusuzumira pa zenera. Tepi imodzi inkayenda khomo ndi khomo mwezi wathunthu. Malume akachokera ku Joni ankabwera ndi zina zatsopano m'chikwama. Atabwera ma VCD ndi ma DVD, ndi mafilimu a ku Nigeria monga Osuofia in London, mitengo inatsika, ndipo anyamata aluso anayamba kuikamo mawu a Chichewa, moti agogo amene sanapondeko m'kalasi ankatsatira nkhani yonse. Chachikulu n'chakuti chimbale ukagula chinali chako. Unkaonera lero, chaka chamawa n'kuoneranso, osafunsa munthu. Unkabwereketsa, kusinthanitsa, kupatsa mphwako popita ku ukwati wake.

Tsono taonani mmene zilili lero. Netflix inafika kuno mu January 2016, pamene inatsegula ntchito zake m'mayiko ena 130 nthawi imodzi, ndipo makampani ena otere alipo. Chithunzi chawo n'chowala, mawu ndi omveka bwino, zimenezo sitikana. Koma lembani dzina la filimu yakale imene mukuifuna, muone. Nthawi zambiri amakubweretserani ina yatsopano, ati yofanana nayo. Ina mumaipeza mwezi uno, mwezi wamawa yasowa. Mbale wa ku Leeds kapena ku Johannesburg amaimba foni kuti yakutiyakuti ija ilipo, kuno kufufuza osaiona.

Chifukwa chake si chobisika. Mafilimu ambiri amene makampaniwa amaonetsa si awo. Amagula chilolezo kwa eni ake, cha nthawi yoikika ndiponso cha mayiko osankhidwa. Nthawiyo ikatha amawerengera: kodi oonera filimuyi ndi angati, ndipo ndi a kuti? Akaona kuti phindu ndi lochepa, chilolezo sachigulanso, filimu n'kuchoka. Pa kuwerengera kumeneko ife sitilemera kanthu. Amene amakonda Neria ndi anthu a m'mayiko osauka, olembetsa ake ndi ochepa, ndiye palibe amene angaitayire ndalama. Ngakhale filimu imene waisunga m'foni kudzera mu pulogalamu yawo imakhala ndi masiku ake, ndipo ukasiya kulipira imatsekeka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Filimu ya pa intaneti ndi fodya wapachala.

Nanga ndalama zake? Timalipira kawiri. Koyamba ndi ndalama ya pamwezi, imene nthawi zambiri imafuna khadi la ku banki ndipo imawerengedwa m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umenewo unakwera usiku umodzi, malipiro athu ali pomwepo. Kachiwiri ndi bandulo. Netflix yomwe imanena kuti ola limodzi la kuonera limadya pafupifupi 1 GB pa chithunzi wamba, ndipo limafika 3 GB pa chithunzi chapamwamba. Filimu ya maola awiri ndiye kuti yameza bandulo imene mayi wa geni akanalankhulira ndi makasitomala ake masiku angapo. Ana akati tibwereze mawa, ulipiranso. Chimbale sichinkadya kanthu ukachionera kachiwiri, kachitatu, kakhumi.

Onjezanipo netiweki imene imathawa filimu ikafika pokoma, kachizindikiro n'kumangozungulira pa sikirini. Onjezanipo magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi. Inde, dekhi nayo imafuna moto, koma batire ya galimoto kapena sola yaing'ono inkakwanira, ndipo magetsi akathima chimbale chinkadikira. Mwezi umene walipira pa intaneti sudikira munthu. Magetsi athime sabata yonse, masiku ako akuwerengedwabe.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi chakuti kubwerekana kwatha. Mu 2023 Netflix inakhwimitsa lamulo lakuti akaunti imodzi ndi ya anthu a nyumba imodzi. Kwa eni ake lamuloli ndi lomveka. Koma kwathu kuno banja silithera pa chitseko. Azakhali ali tsidya la msewu, mlamu ali ku Area 25, agogo ali kumudzi, ndipo onsewo ndi a nyumba imodzi. Filimu imene inkasonkhanitsa anthu makumi awiri pabalaza lero ikuonedwa ndi munthu mmodzi, atagona chafufumimba, foni ili pankhope, zomvera zili m'makutu. Mwana akuseka yekha, bambo sakudziwa chimene chikumuseketsa. Kale tikatha kuonera tinkakambirana mpaka usiku: kodi mlamu wa Neria anachita bwino? Zikanakhala kwathu kuno, ankhoswe akanaweruza bwanji? Maphunziro amenewo analibe fizi.

Mwina wina anganene kuti ngati mukuzifuna zimbalezo, kaguleni. Tikagule kuti? Kampani ya Funai ya ku Japan, imene inatsala yokha kupanga madekhi a matepi a VHS, inasiya mu 2016. Masitolo a Musica a ku South Africa, kumene abale athu ankatigulira zimbale zenizeni, anatsekedwa mu 2021. Netflix, imene inayamba ndi kutumizira anthu ma DVD pa positi ku America mu 1998, inasiya ntchito imeneyo mu September 2023. Makompyuta ambiri atsopano alibenso polowetsa chimbale. Ndipo chaka chomwecho cha 2023 Disney+ inachotsa mafilimu ndi masewero ake omwe ambirimbiri pofuna kuchepetsa ndalama zowononga. Ngati mwini wake angachotse chake chomwe, nanga chathu adzasunga ndani? Filimu ikhoza kufa ndithu. Laibulale ya Congress ku America inapeza mu 2013 kuti mafilimu aatali opanda mawu a dzikolo, pafupifupi 70 pa 100 alionse anatayika ndipo sadzaonekanso. Zimenezo zinachitika m'dziko lolemera.

Apa ndi pamene mantha athu ali. Izeki ndi Jakobo anatiseketsa zaka zambirimbiri. John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021. Mdzukulu wathu akadzafuna kuwaona, adzapeza tizidutswa tosaoneka bwino timene munthu wina wachifundo anaika pa YouTube, ndipo tsiku lililonse tikhoza kuchotsedwa. Masewero a Du Chisiza Jr amene anajambulidwa ali m'manja mwa yani? Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life mu 2008 ndi The Last Fishing Boat mu 2012, mafilimu amene anatchukitsa dziko lino kunja. Mphunzitsi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa akafuna kuonetsa ana ake, alowe sitolo iti? The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, inajambulidwa pa nthaka yathu, ndipo mawu ake ambiri ndi a Chichewa. Dziko lonse lapansi linaionera pa Netflix. Koma ndi mabanja angati a ku Wimbe amene ali ndi khadi la ku banki, bandulo yokwanira ndi netiweki yolimba kuti aone mudzi wawo womwe?

Tikudziwa kuti nyengo ya zimbale inali ndi zilonda zake. Matepi ankachita nkhungu, dekhi inkawatafuna, zimbale zinkakalika n'kuima pakati pa nkhondo. Zambiri za mumsika zinali zokopera, ndipo amene anakhetsa thukuta popanga filimu sankalandirapo ngakhale tambala. Zimenezo zinapha luso la anthu ambiri, ndipo sitikupempha kuti zibwerere. Koma kukopera kunakula chifukwa zenizeni sizinkafika kuno pa mtengo umene munthu wamba angakwanitse. Lero ndi chimodzimodzi. Khomo loyenera likatsekedwa ndi madola, anthu amapita kwa mnyamata wa kompyuta pamsika kuti awaikire mafilimu mu fulashi kapena memori khadi, ndipo wopanga filimu amaluzanso.

Zimene tikupempha si zovuta. Opanga mafilimu athu atigulitse filimu kamodzi, ikhale pa chimbale kapena mu fulashi, tilipire m'makwacha kudzera pa foni, ikhale yathu mpaka kale. Bungwe la COSOMA, limene limatolera ndalama pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu, likhale pansi ndi aluso kuti gawo lina lipite ku ntchito yopulumutsa matepi akale asanaole. Nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba ilandire kope la filimu iliyonse yopangidwa m'dziko muno, ndipo malaibulale athu azibwereketsa mafilimu monga amachitira ndi mabuku. Mawailesi akanema apatule usiku umodzi pa sabata wa mafilimu akale a mu Africa. Kunja ntchito yotere inayamba kale: mu 2017 bungwe la Martin Scorsese losamala mafilimu linagwirizana ndi UNESCO komanso chitaganya cha opanga mafilimu a mu Africa kuti akonzenso mafilimu akale 50 a kontinenti ino. Akakonzedwa, afike kwa ife eni ake, asathere m'maholo a ku Ulaya.

Ndipo ife tomwe tili ndi gawo lathu. Amene muli ndi matepi ndi zimbale m'nyumba, musataye. Pukutani, sungani pouma, pezani wodziwa akusamutsireni mu kompyuta, makamaka za kuno kwathu, pamodzi ndi za maukwati ndi za makwaya zimene palibe kampani ya kunja idzazifune. Intaneti tiigwiritsa ntchito, pakuti nayo ili ndi ubwino wake. Koma tisalole kuti munthu wokhala kutali, amene sadziwa n'komwe kuti Izeki anali yani, ndiye azitisankhira zimene ana athu adzakumbukire.