Kabokosi Kakapsa, Musataye Njinga

Anzanga a m'minibasi, inu amene mukuganiza zogulira abale kumudzi njinga yamagetsi, tamverani. Ku Katete njinga ndiye minibasi yathu: imanyamula odwala kupita ku St Francis, matumba a cimanga, ngakhale alendo a Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti. Ikaima tsiku limodzi, banja la mwini wake ligona ndi njala.

Pa njinga yamagetsi, cimodzi cimene cimakonda kufa ndi controller, kabokosi kogawa magetsi a batire ya 36V kapena 48V kupita ku mota. Mkati muli tumaswici tochedwa MOSFET. Madzi a mvula akalowa, kapena katundu akaculuka pa citunda, timapsa.

Manje vuto ndi ili: makanika wongoganizira amati "mota yafa", inu n'kutumiza ndalama zambiri pa foni. Wodziwa nchito amayamba ndi multimeter. Amapima batire, fyuzi, mawaya a throttle ndi masensa a mu mota, amene amafuna 5V. Gudumu likalimba pozungulutsa, koma n'kumasuka akacotsa mawaya atatu aakulu a ku mota, ndiye kuti MOSFET yashota. Amacotsa yakupsayo n'kuwocherera ina, basi.

Ine ndikuti a TEVETA ndi masukulu a nchito zamanja ku Chipata aphunzitse zimenezi msanga. Inunso ogula, funsani kaye: ikafa, adzakonza ndani? Wogulitsa akasowa yankho, bwezani ndalama m'thumba.